Ndemanga yanga pa moyo wa pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, nditachoka pa koleji ya mumzinda

Papita zaka ziwiri ndi miyezi ingapo chichokereni pa koleji ina ya mumzinda wa Blantyre, imene sindiitchula dzina, n'kukayamba maphunziro pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, malo amene ambirife timawatchulabe kuti Chanco kapena Chirunga. Anzanga amene ndinawasiya pa koleji ija, pamodzi ndi makolo angapo a kumpingo kwathu amene ana awo angolemba kumene mayeso a Fomu 4, akhala akundifunsa ngati kusamukako kunandipindulira, ndipo chifukwa choti yankho lake silikwana pa uthenga wa pa foni, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse pamalo amodzi, zabwino ndi zolemetsa zomwe.

Koleji imene ndinayambira inali pamwamba pa nyumba ya nsanjika imene pansi pake panali masitolo. Inali ndi zipinda zophunziriramo zochepa, ofesi imodzi yolipirirako fizi, ndi kabati ya mabuku imene tinkaitcha laibulale. Sindikufuna kuinyoza, chifukwa aphunzitsi ambiri amene ankabwera kudzatiphunzitsa ankaidziwa ntchito yawo, ndipo ena mwa iwo ankachokera m'maofesi mmene zinthu zimene ankatiphunzitsazo zimachitikadi tsiku ndi tsiku. Vuto linali loti phunziro likangotha, mphunzitsi ankathamangira ku ntchito yake ina, mlonda ankayamba kutseka mawindo, ndipo ife tinkatsika masitepe kupita kukalimbirana minibasi. Ndinkafika kunyumba ku Bangwe kunja kutada, nditatopa ndi mzere wa magalimoto wa ku Limbe, n'kupeza ntchito zapakhomo zikundidikira, wailesi ikulira, alendo ali pabalaza. Funso limene linandivuta m'kalasi ndinkagona nalo, n'kudzuka nalo, ndipo pofika sabata yotsatira linali litazilala popanda wondiyankha. Chaka chonse chinatha ndisanakhalepo pansi ndi mnzanga wa m'kalasi kwa ola lathunthu kukambirana za phunziro. Chimene ndinkachisowa sichinali phunziro lenilenilo ayi, koma nthawi ya pakati pa phunziro lina ndi linzake, komanso anthu okhala nawo m'nthawi imeneyo.

Za kasamukidwe ndinene mosabisa, popeza apa m'pamene ambiri amaganiza molakwa. Ine sindinatenge chaka chimene ndinaphunzira ku Blantyre n'kukachilumikiza ku Zomba. Ndinafunsira malo kudzera ku National Council for Higher Education, bungwe limene limayendetsa ntchito yosankhira ophunzira ku mayunivesite a boma, pogwiritsa ntchito satifiketi yanga ya MSCE, monga mmene amachitira wina aliyense wochokera ku sekondale. Pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma ameneyo ndi malire chabe, chifukwa opikisana ndi ochuluka kuposa malo. Dzina langa litatuluka pa maphunziro a uphunzitsi wa ku sekondale, ndinayambiranso chaka choyamba. Ilipo njira ina ya anthu amene ali kale ndi dipuloma kapena agwirapo ntchito kwa zaka zingapo, imene yunivesite imalengeza payokha, ndipo amene akuiganizira ayenera kuwerenga chilengezo cha chaka chimenecho ndi kufunsa ku ofesi yolembetsa ophunzira asanasiye kumene ali, chifukwa safunsa anadya phula.

Bambo anga sanasangalale nazo poyamba. Anandiitana madzulo ena, malisiti a fizi ya chaka chonse atawayala patebulo, n'kundifunsa modekha kuti, "Mwananga, ndalama zonsezi zangolowa m'madzi?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, zimene ndaphunzira sizitayika, koma ndikatsala kuno ndidzatenga pepala lokha." Amalume, amene anaphunzira ku Zomba komweko kalekale, ndi amene anathandiza kuwafewetsa mtima. Komabe funso la bambo linali loona, ndipo aliyense woganiza zosamuka ayenera kuliyankha asanapakire katundu. Chaka chimodzi cha moyo ndi fizi ya chaka chimodzi si zinthu zazing'ono pa banja la ku Malawi.

Malowo pawokha amamuuza munthu kuti wafika pa sukulu yokhazikika. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba anayamba maphunziro awo mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu 1973, Zomba idakali likulu la dziko, popeza likululo linapita ku Lilongwe mu 1975. Mu 2021 makoleji amene ankapanga yunivesite imodzi anapatukana: Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi. Mbiri imeneyi munthu amaiona ndi maso pa nyumba za njerwa zofiira, pa makonde ataliatali olumikiza zipinda zophunziriramo, ndi pa mitengo imene inakula pamodzi ndi sukuluyo. Phiri la Zomba limaoneka paliponse pamene waima. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'phirimo m'mawa n'kuphimba mabwalo, ndipo amene wachokera kumalo otentha ayenera kubwera ndi bulangete lenileni ndi juzi yokhuthala.

Chinthu chimene ndimachiika patsogolo pa zonse ndi laibulale. Sabata yanga yoyamba ndinalowamo masana ndili ndi funso limodzi, ndipo ndinatulukamo kunja kutada ndisanazindikire kuti nthawi yapita. Muli gawo la mabuku ndi zolemba zokhudza Malawi yekha, mmene muli kafukufuku wa ophunzira ndi aphunzitsi a zaka zambiri zapitazo, ndipo zambiri mwa zimenezi munthu sangazipeze pa intaneti ngakhale atagula bandulo yaikulu motani. Koma chimene chinandisintha kwambiri si mabukuwo ayi, ndi kukhala m'chipinda chimodzi ndi anthu mazanamazana amene onse akuwerenga mwakachetechete. Kunyumba ndinkayenera kudzikakamiza kuti ndiwerenge pamene ena onse akucheza. Kuno munthu amachita manyazi kutseka buku pamene woyandikana naye akadali chiweramire. Nyengo ya mayeso ikayandikira mipando imadzaza msanga, choncho wofuna malo abwino amalawirira, ndipo ena amapita kukawerengera m'zipinda zophunziriramo zimene zilibe anthu madzulo.

Kenaka pali anthu. Chaka choyamba ndinapeza malo mu hositele, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene m'chinenero cha pa koleji timamutcha mesho, anali wochokera ku Chitipa. Ine ndinakulira ku Blantyre ndipo ndinali ndisanadutsepo Kasungu. Kudzera mwa iye ndinamva koyamba mmene Chilambya chimamvekera, ndinadziwa mmene ulendo wochokera kwawo umatengera usiku ndi usana, ndiponso ndinamvetsa chifukwa chimene iye sankapitira kwawo pa tchuthi chachifupi. Usiku wina tinatsutsana mpaka pakati pa usiku pa nkhani ya chinenero chophunzitsira ana a Sitandade 1, iye akufotokoza mmene zimamuvutira mwana amene kwawo sayankhula Chichewa kapena Chingerezi, ine ndikuumirira zimene ndinawerenga m'buku. M'mawa mwake ndinapita nalo funsolo kwa mphunzitsi wathu wa za ziyankhulo, ndinagogoda pa ofesi yake, ndipo anandiuza kuti ndikhale pansi. Tinakambirana kwa theka la ola, ndipo anandilembera papepala zinthu zitatu zoti ndikawerenge. Zimenezi sizikanatheka kumene ndinachokera, osati chifukwa choti aphunzitsi akumeneko anali ouma mtima, koma chifukwa analibe ofesi yoti munthu n'kukawapezamo.

Magulu okambirana maphunziro amangoyambika okha. Mumatuluka m'kalasi muli asanu, wina n'kunena kuti sanamve bwino mfundo ina, ndipo mmalo mothamangira basi mumakhala pansi pa mtengo mpaka nonse mutaimvetsa. Ndaona kuti zambiri zimene ndimakumbukira polemba mayeso ndi zimene ndinazimva kwa anzanga m'makambirano otere, kapena zimene ndinayesa kufotokozera wina n'kupeza kuti inenso sindinazigwire bwino.

Kwa munthu wophunzira uphunzitsi, Zomba ili ndi mwayi wina umene sindinauganizire pofunsira malo. National Archives of Malawi, malo osungirako zikalata zakale za dziko, ili mumzinda momwemo, ndipo titapatsidwa ntchito yolemba za mbiri ya maphunziro m'dziko muno, ndinapita kukaona ndi maso anga zikalata zakale za nthawi ya atsamunda. Kuwerenga m'buku kuti boma la Nyasaland linakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926, patapita zaka zambiri mamishoni akuyendetsa okha masukulu, n'kosiyana ndi kugwira mafailo achikasu a nthawi imeneyo. Ku Domasi, mtunda waufupi kuchokera mumzinda, kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi a m'sukulu zathu, ndipo MANEB, imene imalembetsa mayeso amene tonse tinadutsamo, ili ku Zomba komweko. Yunivesiteyi ilinso ndi Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo imagwira ntchito pa ziyankhulo za m'Malawi. Mabungwe amenewa kale ndinkangowamva pa wailesi, koma tsopano ndi malo amene ndingafikeko ndi phazi kapena pa kabaza.

Za moyo wa kunja kwa kalasi ndidutsapo mwachangu, chifukwa aliyense amasankha zake. Kuli Great Hall, kumene kumachitikira miyambo ikuluikulu kuphatikizapo yopereka madigiri, kuli Little Theatre ya zisudzo, kuli wailesi ya pa sukulu pomwepo, mabwalo a masewera, ndi magulu a mapemphero a zipembedzo zosiyanasiyana. Loweruka lina tinakwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi, ndipo pobwerera tinagula zipatso kwa ana ogulitsa m'mbali mwa msewu. Chimene chinandikhudza mtima kwambiri ndi kuzindikira kuti ophunzira a pa malo ano akhala akutengapo mbali pa nkhani za dziko. Mu Malichi 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a ku Chirunga anayenda pamsewu kuigwirizana nayo. Mu 2011 aphunzitsi analimbana kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha, mnzawo wina atafunsidwa mafunso ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Nkhani zimenezi zimakambidwabe, ndipo wophunzira watsopano amazimva kwa omutsogolera asanaziwerenge m'buku lililonse.

Tsopano ndinene zolemetsa, pakuti walira mvula walira matope. Amene akulota moyo wogonera pa sukulu adziwe kuti si ophunzira onse amene amapeza malo m'mahositele, popeza chiwerengero cha ophunzira chakula kwambiri poyerekeza ndi nthawi imene nyumbazo zinkamangidwa. Ambiri amachita lendi ku Chikanda, mudzi umene wagundana ndi sukulu, ena ku Matawale ndi madera ena a mumzinda. Ine chaka chachiwiri ndinasamukira ku Chikanda, ndipo chipinda choyamba chimene ndinapeza ndinalipira ndisanachione bwino, chifukwa ndinkaopa kuti ena andilanda. Mvula yoyamba itagwa, denga linadontha pamwamba penipeni pa bedi, ndipo ndinagona nditakhala pampando, mabuku nditawakulunga m'jumbo. Mwininyumba analonjeza kukonza, koma mwezi unatha, mpaka ndinasamukira kwina n'kutaya ndalama imene ndinalipiriratu. Malangizo anga kwa aliyense ndi akuti akaone chipinda masana, ayang'ane denga ndi loko wa chitseko, afunse za madzi ndi chimbudzi, adziwe kuti mita ya magetsi akugawana ndi anthu angati ndiponso amagula bwanji mayunitsi, ndipo acheze ndi wophunzira amene akukhala kale pamalopo mwininyumba palibe. Kwa atsikana nkhani ya mtunda ndi yofunika koposa, chifukwa kubwerera usiku kuchokera ku laibulale kumafuna kuyenda pagulu.

Ngakhale zili choncho, kukhala ku Chikanda n'kosiyana kutalitali ndi kukhala ku Bangwe n'kumaphunzira m'tauni. Oyandikana nawo nyumba ndi ophunzira anzako, ulendo wa ku sukulu ndi wapansi wa mphindi zochepa, ndipo magetsi akazima mumanyamula mabuku n'kubwerera ku sukulu limodzi. Moyo wa pa koleji umasefukira m'mudzimo.

Ndalama ndiye nkhani yaikulu. Kunyumba ndinkadya nsima ya amayi ndipo ndinkangofuna ya minibasi. Kuno zonse ndi za m'thumba: lendi, ufa, ndiwo, makala, sopo, kusindikiza ntchito za m'kalasi, bandulo, ndi ulendo wopita kunyumba pa tchuthi. Ambiri timaphika tokha pa mbaula, kusonkherana ndi mnzako kuti thumba la makala likwane mwezi, ndipo ndiwo zimene zimatisunga ndi bonya, soya, nyemba ndi masamba ogula pa msika. Matemba a ku Chilwa akapezeka ndiye tsiku labwino. Higher Education Students' Loans and Grants Board imapereka ngongole kwa ophunzira osowa, ndipo ndikulimbikitsa aliyense woyenera kuti afunsire nthawi yake isanadutse, koma asaiwale kuti imeneyi ndi ngongole yodzabweza akamaliza, ndiponso kuti si onse ofunsira amene amalandira. Ndawaona anzanga akulowa m'kalasi m'mimba muli pululu, ndipo ndaonanso mmene ophunzira amagawanirana chakudya chochepa popanda kuchititsana manyazi. Banja limene likutumiza mwana ku Zomba liwerengere ndalama ya mwezi ndi mwezi, osati fizi yokha.

Chinanso chofunika kuchidziwa n'choti ufulu wa pa malo ngati amenewa umamanga ena n'kugwetsa ena. Palibe amene amakudzutsa m'mawa, palibe amene amafunsa kumene wagona, ndipo makalasi ena a chaka choyamba amakhala aakulu moti kujomba kwako sikuoneka msanga. Zimadzaoneka pa zotsatira za mayeso. Mawu akuti sapu, kutanthauza mayeso obwereza, ndi akuti kuwidwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, aliyense amawadziwa asanathe semesita yoyamba, ndipo sanenedwa mwanthabwala ndi amene anaonapo mnzawo akupakira katundu. Pa mfundo imeneyi chaka changa cha ku Blantyre chinandithandiza kwambiri. Ndinafika ndikudziwa kale kuwawa kosowa nthawi ndi malo owerengera, choncho nditazipeza sindinaziseweretse. Ndinkadziwanso kulemba ntchito ya m'kalasi ndi kugwiritsa ntchito kompyuta, zinthu zimene zinkawavuta anzanga ena ochokera ku sekondale mwachindunji.

Kodi ndingamulimbikitse ndani kusamuka? Wachinyamata amene alibe banja lomudalira, amene makolo kapena abale angathe kumuthandiza pa zofunika za mwezi ndi mwezi, ndipo akumva mumtima mwake kuti kumene ali akungolandira manotsi popanda kukula m'maganizo, ameneyo ndingamuuze kuti ayesere, ngakhale zitatanthauza kuyambiranso. Koma munthu amene ali pa ntchito, kapena mayi amene ali ndi ana, kapena amene watsala ndi miyezi yochepa kuti amalize dipuloma yake, sindingamulangize kuti asiye zonse. Kwa iwowo maphunziro a madzulo, a kumapeto kwa sabata, kapena ophunzira uli kwanu ndi amene ali oyenera, bola atsimikize kuti koleji yawo ndi maphunziro akewo ndi zovomerezeka ndi National Council for Higher Education. Ndiponso Zomba si malo okhawo amene ali ndi moyo wotere. Wofuna zaulimi angaupeze ku Bunda, pansi pa LUANAR, kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Wofuna sayansi ndi luso lamakono angaupeze ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo kumpoto kuli Yunivesite ya Mzuzu. Chofunika n'kusankha potengera maphunziro amene munthu akufuna, kenaka n'kupita kukaona malowo ndi maso, makamaka pa tsiku wamba la pakati pa sabata, kuti aone mmene ophunzira amakhalira kalasi ikatha.

Amene watsimikiza zosamuka asachoke mozemba kumene ali. Amalize kulipira zimene ali nazo ngongole, atenge chikalata cha zotsatira za mayeso amene analemba, ndipo atsanzike bwino, chifukwa mapepala amenewo angadzafunike pofunsira ntchito. Ine ndinabwerera ku koleji yanga yakale pa tchuthi choyamba kukatenga chikalata changa, ndipo pa masitepe paja ndinakumana ndi mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi. Iye anapitiriza, anamaliza dipuloma yake chaka chatha, ndipo pano akugwira ntchito mu ofesi ina ku Limbe n'kumathandiza makolo ake. Ine ndatsala ndi zaka pafupifupi ziwiri, kuphatikizapo miyezi yokaphunzitsa moyeserera pa sekondale ina, ndipo lendi ya mwezi watha, ndalama ya kunyumba itachedwa, anandibwereka ndi iyeyo.